Malangizo Amene Mtengo Ubadwa Nao

Tulukani kuthengo pamene mwezi wa Seputembala uli pafupi kutha. Udzu wauma, zitsime zambiri zaphwa, ng'ombe zayamba kuonetsa nthiti, ndipo papita miyezi isanu cigwere mvula yomariza. Koma kwezani maso muone mombo ndi mtondo m'mapiri. Mitengo imeneyi yabvala masamba atsopano, anthete, ofiira, monga ngati mvula inagwa dzulo. Tsono dikirani mvula ikhazikike, mupite kumunda kumene kuli msangu. Pamene mitengo yonse yabiriwira, msangu wokha wayoyola masamba ace nuima ngati wouma, ndi kulola dzuwa kufika pa cimanga ciri patsinde pace.

Kodi ndani auza mombo kuti uphuke mvula isanagwe? Ndani auza msangu kuti usiyane ndi inzace? Funso limeneli si lacabe. M'caka ca 1992, ndiponso m'caka ca 2024 pamene Boma la Zambia linalengeza mu Febuluwale kuti cirala cagwetsa dziko m'tsoka, cimanga cinauma m'minda yambiri cisanabereke. Mitengo yambiri ya m'thengo inapirira, ndipo ndiyo inathandiza anthu ndi zipatso, nkhuni, ndi cakudya ca ziweto. Mlimi wodziwa cimene cipiriritsa mtengo adzadziwanso citsa coti asazule, nthawi yoti asaoche, ndi mbeu yoti atole.

MAJINI NDI CIANI?

Mudziwa kale kuti mbeu ya mango sibala msuku. Thupi la mtengo linamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, toundana ngati zisa za njuci. Akatswiri amatichula maselo. M'kati mwa selo liri lonse muli ulusi wopyapyala wopindidwapindidwa wochedwa DNA, ndipo pa ulusi umenewu palembedwa malangizo onse a mtengowo: maonekedwe a tsamba, kucindikala kwa khungwa, njira imene muzu udzalowera pansi. Langizo limodzi lichedwa jini, ambiri ndi majini.

Dzinali lisakudzidzimutseni. Si majini aja amene asing'anga amati agwira munthu. Ndi mau ocokera ku Cingelezi amene angofanana kamvekedwe. Ndiponso si cinthu cimene munthu anacita kuthira m'mbeu. Mlambe umene unamera makolo anu asanamange mudzi uli ndi majini ace, monganso inu muli ndi anu.

Wansembe wina wa ku Brno, Gregor Mendel, ndiye anasonyeza m'caka ca 1866 kuti cibadwa cimayenda mwa lamulo kucokera kwa kholo kumka kwa mwana, atayesa mtundu wina wa nyemba m'dimba lace kwa zaka zingapo. Kapangidwe ka DNA kanadziwika ku Cambridge m'caka ca 1953. Mtengo woyamba umene malangizo ace anawerengedwa onse ndi poplar wa ku America, m'caka ca 2006, ndipo anapezamo majini ngati 45,000. Mu 2014 anawerenga a bulugamu napeza ngati 36,000. Munthu ali nao ngati 20,000 cabe.

Maselo onse a mtengo umodzi ali ndi malangizo ofanana, koma sawerengedwa onse nthawi imodzi. Selo la m'muzu liwerenga za muzu, la m'tsamba liwerenga za tsamba. Pakati pa majini onsewa pali ena amene tingawafanizire ndi akapitao: iwo sagwira khasu, koma alamulira mazana a majini ena kuti ayambe nchito kapena aleke. Amenewa ndiwo majini olamulira kakulidwe, ndipo ndiwo mutu wa nkhani yathu, cifukwa cace ndi ici. Ng'ombe ikamva ludzu imapita kumtsinje, ikaona moto imathawa. Mtengo sungathawe. Cida cace cacikulu ndico kusintha kakulidwe: kuleka kukula pano, kukula apo, kutaya ici, kusunga ico. Kotero akapitao omwe aja amene amanga mtengo pa nthawi ya mtendere ndiwo auteteza pa nthawi ya mabvuto.

CIFUKWA CACE CITSA CIMAPHUKA

Mtengo sukula paliponse. Mukakhomera msomali pa thunthu, msomaliwo sukwera m'mwamba ngakhale papite zaka makumi awiri. Malo okulira ndi atatu: nsonga za nthambi, nsonga za mizu, ndi kamnofu kopyapyala ka pansi pa khungwa.

Pa nsonga ya nthambi pali kagulu ka maselo kamene sikakalamba. Kamagawikana kosaleka, ndipo masamba onse, nthambi zonse ndi maluwa onse zicokera pamenepo. Jini limene lisunga kaguluka linapezeka ku Germany m'caka ca 1996, m'katherere kakang'ono kochedwa Arabidopsis, ndipo analipatsa dzina lakuti WUSCHEL. Mitengo nayo iri ndi majini a banja lomweli. Pamene nsonga ikwera, imasiya diso m'khwapa mwa tsamba liri lonse, ndipo m'disomo muli maselo osakalamba omwe aja. Maso ambiri saphuka. Nsonga imapanga timadzi tochedwa auxin, timene timatsika ndi nthambi ngati mthenga wa mfumu ndi kuuza masowo kuti agone.

Inu olima fodya mwaciona ici ndi maso anu. Mukadula nsonga ya fodya, pasanapite masiku ambiri mphukira zimaturuka m'khwapa mwa masamba, ndipo mumabvutika kuzicotsa. Mthenga waleka kubwera, ndipo ogona adzuka. Cimene cikusautsani pa fodya ndico cipulumutsa mtengo. Nkhwangwa, moto kapena njobvu zikaononga mutu wa mtengo, maso amene anagona m'khungwa ndi patsinde kwa zaka zambiri amadzuka. Ndico cifukwa cace bulugamu wodulidwa amabwezera mitengo ina pa citsa cimodzi, ndipo nkhalango ya mombo imabwerera makamaka kucokera ku zitsa ndi mizu, osati ku mbeu.

Citsa camoyo ciri kale ndi mizu yozama ndi cakudya cosungidwa. Mphukira yace imasiya kutali mbande yocokera ku nazale, imene iyenera kuyamba zonse. Ku dziko la Niger, m'dera la Maradi, kuyambira m'caka ca 1983 munthu wa ku Australia dzina lace Tony Rinaudo analimbikitsa alimi kuleka kupha mphukira za zitsa m'minda mwao. Iwo anayamba kusankha mphukira zowerengeka zolimba pa citsa ciri conse, kudula zotsalazo, ndi kucinjiriza zosankhidwazo ku mbuzi ndi moto. Mwa njira imeneyi mitengo inabwerera pa mahekitala mamiliyoni angapo m'dziko louma koposa lathu. Musanazule citsa ca mtengo wabwino m'malire mwa munda, yambani mwaganiza ngati simungacilere.

Za kamnofu ka pansi pa khungwa mudziwa inu osenda luzi: ndi potereratu paja, ponyowa, pamene khungwa limasiyana ndi mtengo. Maselo a pamenepo alamulidwa ndi jini lochedwa WOX4, mbale wace wa WUSCHEL. Ca m'kati amapanga thabwa, mmene muli timipope tokweza madzi kucokera ku mizu. Ca kunja amapanga khungwa la m'kati, limene litsitsa cakudya kucokera ku masamba kumka ku mizu. Mukasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, monga acitira opanga ming'oma ya njuci, madzi amakwerabe ndipo mtengo ungaoneke wamoyo kwa kanthawi. Koma mizu yayamba kufa ndi njala. Mukasenda kambali kamodzi kokha, kamnofu kotsala m'mbali mwa bala kamakula ndi kulitseka pang'onopang'ono.

MADZI AKASOWA

Kunsi kwa tsamba kuli timakomo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo kakhomo kali konse kali ndi maselo awiri ngati alonda. Mpweya umene tsamba lipangira cakudya ulowera pamenepo, ndipo madzi aturukira pomwepo ngati nthunzi. Apa ndipo pagona bvuto la mtengo uli wonse: ukatsegula makomo umadya koma umataya madzi, ukatseka umasunga madzi koma sudya.

Madzi amakwera m'timipope ta thabwa mocita kukokedwa ndi masamba, monga munthu akoka madzi ndi bango. Nthaka ikauma, kukokako kumalimba, ndipo kukalimbitsa mpweya umalowa m'timipope ndi kudula njira ya madzi. Timipope tambiri tikatero, nthambi imauma kuyambira kunsonga. Umo ndi mmene cirala cimaphera mtengo, ndipo mtengo uyenera kutseka makomo zisanafike pamenepo.

Mthenga wa ludzu ndi timadzi tina tochedwa ABA. Timadzi timeneti tinapezeka m'caka ca 1963 ku California, pamene Frederick Addicott ndi anzace anali kufufuza cifukwa cace zipatso zanthete za thonje zimayoyoka. Ndipo mu 2009 akatswiri anapeza tizigawo ta m'selo timene timalandira uthengawo. Madzi akacepa, ABA amacuruka. Alonda a pa timakomo amaturutsa mcere ndi madzi, amafota, ndipo khomo limatsekeka. Ludzu likapitirira, uthenga umafika kwa akapitao: majini okulitsa nthambi ndi masamba amaletsedwa, ndipo ena amayamba kupanga zinthu zocinjiriza maselo kuti asaonongeke pouma.

Kotero mtengo ukaleka kukula m'cirimwe si kuti wangofoka, wadziletsa wokha. Mlimi amene aona kamtengo kace kaima nathira feteleza pa nthaka youma amakakamiza kamtengoko kucita cimene kakucipewa, ndiponso mcere wa fetelezayo umaocha mizu. Cofunika pa nthawi yotero ndi kuphimbira tsinde ndi udzu, osaugunditsa ku thunthu cifukwa ca ciswe.

Kuyoyola masamba nako si ngozi. Patsinde pa tsamba liri lonse pali mzere wa maselo umene unakonzedweratu tsambalo likali lanthete. Nthawi ikakwana, mtengo umayamba wabweza m'nthambi zina za zakudya zimene ziri m'tsambamo, ndico cifukwa cace limasanduka lacikasu. Pamenepo maselo a pa mzere paja amasungunula cimene ciwamata pamodzi, tsamba limagwa, ndipo bala limatsekedwa kuti madzi asaturuke. Tsanya wa m'cigwa ca Luangwa, amene ena amati mupane, ali ndi njira inanso: dzuwa likaswa mtengo, mbali ziwiri za tsamba lace zimapindikira pamodzi kuti zisalandire dzuwa lonse. Ndico cifukwa cace mthunzi wa tsanya ndi wosakhutiritsa masana.

Pamene nthambi zaima, muzu sugona. Nsonga ya muzu imamva mbali imene kuli cinyezi ndi kupotolokera komweko. Jini lina lofunika pa nchito imeneyi linapezeka ku Japan m'caka ca 2007, ndipo analichula MIZ1, kucokera ku mau a Cijapani akuti mizu, amene kwao atanthauza madzi. Ife tikati mizu tinena zimene zifunafuna madziwo. Ku Japan komweko, mu 2013, anapeza mu mpunga jini lochedwa DRO1, limene lilozetsa mizu pansi m'malo mwa kuyenda m'mbali. Mpunga wokhala nalo lamphamvu unabala bwino pa cirala kuposa unzace. Majini a banja limeneli apezekanso m'mitengo ya zipatso monga mapicesi.

Phunziro lace pa kathiriridwe ndi ili. Mukawaza timadzi pang'ono tsiku ndi tsiku, cinyezi cimakhala pamwamba pokha, ndipo mizu imakhala pomwepo. Thirani madzi ambiri kamodzi, alowe pansi, ndipo papite masiku musanathirenso. Mbande za ku nazale muzicepetsere madzi ndi mthunzi masabata omariza musanaziokere kumunda, kuti zikafike zitazolowera.

MOTO

Mlombwa, umene amisiri a matabwa amauchulanso mukwa, uli ndi cizolowezi cimene casoceretsa anthu ambiri. Mbeu yace ikamera, kamtengo kamakula m'dzinja, koma cirimwe cikafika mbali ya pamwamba imauma mpaka pansi. Mvula ikabwera kamaphukanso, ndi kuumanso. Kamacita cotero caka ndi caka, kwina mpaka zaka khumi. Wopita m'njira amati kamtengo kakanika. Koma pansi muzu uli kunenepa ndi kuzama, ndipo caka cina, utasonkhanitsa mphamvu zokwanira, umaponya mphukira yowongoka imene imakwera msanga kupitirira msinkhu wa malawi a udzu. Mbande za mombo nazo zimauma mutu kawirikawiri pa zaka zoyamba pamene muzu uli kukula. Emmanuel Chidumayo, katswiri wa nkhalango wa dziko lino, walemba zambiri za khalidwe limeneli.

Koma kupirira kuli ndi malire, ndipo malirewo anayesedwa. Ku Ndola, kuyambira m'caka ca 1933, a za nkhalango anagawa thengo m'zigawo: zina anaziocha msanga cirimwe citangoyamba, zina anaziocha mocedwa ca mu Okutobala, zina sanazioche konse. Colin Trapnell analemba zotsatira zace mu 1959. Kumene anaocha msanga, mitengo ya mombo inakhalabe, pafupifupi monga kumene sanaoche. Kumene anaocha mocedwa caka ndi caka, mitengo yaikulu ya mombo inatha, nipatsala udzu wautali, mphukira za pa mizu, ndi mitundu ya khungwa lolimba monga mlombwa.

Cifukwa cace mwaciona kale pa masamba ofiira aja. Pofika Okutobala udzu wauma kotheratu ndipo moto umakwera patali. Ndiyo nthawinso imene mombo waturutsa cuma cace cosungidwa nuciika m'masamba atsopano. Moto ukapsereza masambawo, mtengo uyenera kuphukanso ndi nkhokwe yotsala. Caka cimodzi upirira. Zaka zotsatizana nkhokwe imatha. Ngati thengo la mudzi wanu liyenera kuochedwa, gwirizanani ndi mfumu ndi a za nkhalango kuti lipse udzu ukali ndi cinyezi, m'mawa kapena madzulo. Moto wa osaka mbewa m'mwezi wa Okutobala umadya mitengo ya denga ya ana anu.

MBEU IMAKUMBUKA KWAO

Mombo suyembekeza mvula kuti uphuke. Zithunzi zojambulidwa kucokera m'mlengalenga zasonyeza kuti nkhalango zathu zimabiriwira masabata angapo mvula isanayambe, caka ndi caka, ndi madzi ocokera pansi ndi cakudya cosungidwa. Mvula yoyamba ikagwa, masamba amakhala okonzeka kale kugwira nchito. Mtengo uli ndi kawerengedwe kace ka nyengo.

Mmene kawerengedweka kayendera kanaoneka bwino m'maiko ozizira. Ku Sweden, m'caka ca 2006, akatswiri anasonyeza kuti jini lochedwa FT, limene lilamulira nthawi yocita maluwa, ndilonso liuza mtengo wa mtundu wa poplar nthawi yoleka kukula cisanu cisanafike. Masamba amayesa kutalika kwa usana. Usana ukafupika kufika pa mlingo wace, FT amaleka nchito, nsonga imaima ndi kudzitsekera. Anapezanso kuti mlingowo susiyana mwangozi: mitengo yocokera kumpoto kwenikweni imaleka kukula msanga, yocokera kumwera imacedwa, ngakhale ibzalidwe pa malo amodzi. Mtundu ndi umodzi, koma mtengo uli wonse usunga nyengo ya kwao.

Zimenezi zikukhudzani inu pogula mbeu ndi mbande. Pali bulugamu wa mtundu wochedwa camaldulensis amene amamera m'mbali zambiri za Australia. Atamuyesa m'maiko ambiri, mbeu yocokera ku Petford, kumpoto kotentha kumene mvula imagwa nyengo yotentha monga kuno, inacita bwino m'maiko ofanana ndi lathu. Mbeu yocokera ku Lake Albacutya, kumwera kumene mvula imagwa nyengo yozizira, inacita bwino m'maiko a mvula yotero. Dzina la mtengo pa thumba silikwanira. Funsani kumene mbeuyo inatoledwa.

Potola mbeu za mitengo ya kwanu, tolani pa mitengo ya dera lofanana ndi munda wanu: ya m'cigwa kwa a m'cigwa, ya kumtunda kwa a kumtunda. Sankhani imene inapirira cirala capitaci osauma nthambi. Ndipo musadzaze thumba pansi pa mtengo umodzi cifukwa cakuti uli pafupi ndi nyumba. Ana a mtengo umodzi afanana majini, ndipo nthenda kapena cirala cimene cigonjetsa mmodzi cingathe onse. Tolani pang'onopang'ono pa mitengo 20 kapena 30 yotalikirana, ndi kusakaniza.

Tibwerere tsono ku msangu. Mphamvu yace iri m'muzu waukulu umene umatsika mamita ambiri kufikira madzi a pansi, ndipo ndiwo uulola kukhala ndi masamba ndi kubala zipatso zodyetsa ng'ombe pamene thengo lonse lauma. Masamba amene ugwetsa poyamba pa dzinja amaolera m'munda nakhala manyowa, ndipo mizu yace iri ndi timatuza tokonza cakudya ca m'nthaka monga mtedza. Musaudule nthambi mopitirira, pakuti msangu wosadzidwa kwambiri umasokonezeka nyengo ndi kusunga masamba m'dzinja, nuchinga cimanga.

Mbeu yace ndi ya cikopa colimba. Ipaleni pang'ono kumbali ndi mpeni kapena pa mwala, ndi kuibviika m'madzi usiku umodzi. Kamtengo kakamera kamayamba ndi muzu, ndipo pa masabata owerengeka muzu umatalika kuposa mutu. Mukakasunga nthawi yaitali m'cubu, muzuwo umafika pansi nupindika, ndipo muzu wopindika suwongokanso. Okerani mbande zikali zazing'ono, mvula itakhazikika, motalikirana mamita 10 mbali zonse. Pa hekitala imodzi palowa mitengo 100. Zaka zoyamba kamtengo kadzaoneka kocedwa, cifukwa nchito yace yaikulu iri pansi. Zikani cikhomo cacitali pambali pa kali konse, kuti wopalira ndi woyendetsa ng'ombe za pulawo akaone, ndipo lambulani udzu kuzungulira moto usanayambe.